Mapointi 15 a mowa pa khoti la ku New York

Mayi wina watilembera kuti alongo ake ali pafupi kutuluka m'ndende ku New York, komwe anamangidwa pa mlandu wogwiririra. Akuti mowa anausiya kalekale, nanga khoti likuufunsiranji?

Mayi, lamulo lake ndi Sex Offender Registration Act, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 1996 ndipo limalamula kuti opezeka olakwa pa milandu yotere alembedwe m'kaundula wa boma. Munthu asanatuluke, bungwe la Board of Examiners of Sex Offenders limamuwerengera mapointi pa mfundo 15, monga msinkhu wa amene anamulakwira, ngati panali chida, ndi milandu yakale. Bungweli limangopereka maganizo, wogamula ndi woweruza. Mapointiwo amasonyeza Level, kutanthauza kukula kwa chiopsezo choti angadzalakwenso: osapitirira 70 ndi Level 1, kuyambira 75 mpaka 105 ndi Level 2, ndipo 110 kupita m'mwamba ndi Level 3.

Mowa ndi mankhwala ozunguza bongo ndi mfundo ya 11, ndipo imanyamula mapointi 15. Musawachepetse. Munthu wa mapointi 60 akamuwonjezera amenewa wagwera pa 75. Wa Level 1 nthawi zambiri amakhala m'kaundula zaka 20, pomwe wa Level 2 amalembedwa moyo wonse, chithunzi ndi adiresi yake n'kuikidwa pa intaneti. Mfundo ya mowayi ndi yomveka: mowa umachotsa kudziletsa, ndipo khoti likuteteza anthu amene adzakhale naye pafupi.

Komatu si aliyense wolawako amene amapatsidwa mapointiwa. Mu 2013, pa mlandu wa People v. Palmer, khoti lalikulu la New York linagamula kuti kumwa mwa apo ndi apo pocheza sikokwanira. Woimira boma ayenera kuonetsa umboni wamphamvu woti munthuyo anali chidakwa, kapena anali ataledzera popalamula.

Ambiri amagwa ndi pakamwa pawo. Zimene anauza ofisala wa probation (wolembera khoti mbiri ya wolakwa) asanapatsidwe chilango, monga "ndinkamwa tsiku lililonse," zinalembedwa mu lipoti, ndipo khoti limalilandira ngati umboni.

Kusiya kalekale kumathandiza ngati anasiya ali kunja. Zaka za m'ndende oweruza kawirikawiri saziwerengera, amati kumeneko munthu sanayesedwe. Choncho sonkhanitsani mapepala: satifiketi ya pulogalamu yosiyitsa mowa, zotsatira za kuyeza mkodzo, makalata a dokotala, zonse zokhala ndi madeti. Muwapereke kwa loya khoti lisanakhale kuti ligamule za Level. Ngati alongo anu alibe ndalama, khoti limawapatsa loya. Akapatsidwa Level yokwera, angathe kuchita apilo, komanso lamulo limawalola kupempha kuti itsitsidwe, koma kamodzi kokha pa chaka.