Kodi ndimuvotere chifukwa ndi Mkatolika mnzanga?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amawerenga zolemba zanga. Dzina lawo ndisunga, koma funso lawo mwachidule ndi ili: "Pa chisankho chikubwerachi pali anthu awiri amene ndikuwaganizira. Mmodzi ndi Mkatolika ngati ine, pa Misa sajomba, Ukaristia amalandira. Winayo ndi wa mpingo wina. Amuna anga akuti palibe chovuta apa, voti ipite kwa mwana wa m'nyumba. Koma ine mtima ukukayika. Kodi ndingachimwe ndikavotera wa mpingo winayo?"

Mayi, simungachimwe. Ndikuyankhani ngati Mkatolika mnzanu, ndipo si maganizo anga okha. Msonkhano wachiwiri wa ku Vatican, m'chikalata cha Gaudium et Spes cha mu 1965, unanena poyera kuti Mpingo sunamangirizidwe ku dongosolo lililonse la ndale. Malamulo a Mpingo amaletsanso ansembe kutenga maudindo olamulira m'boma. Fernando Lugo, amene anali episkopi, anachita kusiya unsembe kuti akhale pulezidenti wa Paraguay mu 2008. Mpingo umene ukukaniza ansembe ake omwe kukhala pampando wa boma sungakulamuleni kuti muvotere munthu chifukwa choti dzina lake lili m'kaundula wa ubatizo.

Koma mawu a amuna anuwo, akuti mwana wa m'nyumba, tisawataye msanga. Ndikumva chimene akutanthauza. Akuganiza kuti munthu amene anaphunzira katekisimu yemweyo, amene amagwada m'chilapiro ndi kuulula machimo ake, ayenera kukhala ndi kamantha kena mumtima kamene kangamuletse kuba kapena kupha. Maganizowo ndi abwino. Vuto n'lakuti mbiri ya dziko lapansi sikuwavomereza.

Taganizani za anthu awiri. Julius Nyerere wa ku Tanzania anali Mkatolika wopita ku Misa pafupifupi tsiku lililonse. Analakwitsa zinthu, ndipo anthu amene anasamutsidwa mokakamiza kupita m'midzi ya Ujamaa m'zaka za m'ma 1970 sanaiwale. Koma sanadzikundikire chuma, ndipo mu 1985 anatsika yekha pampando n'kusiyira Ali Hassan Mwinyi, amene anali Msilamu. Lero Mpingo ukufufuza za moyo wake kuti uone ngati angatchedwe woyera. Robert Mugabe wa ku Zimbabwe nayenso anali Mkatolika. Anakulira pa mishoni ya Kutama m'manja mwa ansembe a chipani cha Yezu, ndipo mu 2005 anapezeka ku Roma pa maliro a Papa John Paul II. Koma mu ulamuliro wake womwewo, kuyambira mu 1983, asilikali a Fifth Brigade anapha anthu zikwizikwi ku Matabeleland. Ndipo amene anasonkhanitsa umboni wa imfazo n'kuutulutsa mu 1997 anali a bungwe la Akatolika loona za chilungamo ndi mtendere, pamodzi ndi bungwe lina la zamalamulo. Ubatizo umodzi, korona yemweyo m'thumba, koma mayiko awiri osiyana ngati usana ndi usiku. Munthu akanangofunsa kuti "amapemphera kuti?", akanawaika m'dengu limodzi.

Pali kulakwa kwina kofanana nako, kungoti kwatembenuka. Ku America kunali nthawi imene anthu ankakana munthu chifukwa choti ndi Mkatolika. Al Smith, Mkatolika, anagonja koopsa pa chisankho cha pulezidenti mu 1928, ndipo chimodzi mwa zimene zinamugwetsa chinali mphekesera yoti Papa ndiye azidzalamulira dziko kudzera mwa iye. John F. Kennedy anakumana nazo zomwezo mu 1960, mpaka anapita ku Houston kukaima pamaso pa abusa a mipingo ya Chipulotesitanti. Anawauza kuti iye sakuimira Akatolika, akuimira chipani cha Democratic, kungoti ndi Mkatolika. Ananenanso chinthu chimene anthu ambiri amachiiwala: kuti ntchito yake ikadzamukakamiza kuchita zosemphana ndi chikumbumtima chake, adzatula pansi udindo. Ngati kukana Kennedy chifukwa cha mpingo wake kunali tsankho, nanga kukana munthu wanu winayo chifukwa cha mpingo wake tikutcha chiyani?

Sindikunena kuti chikhulupiriro cha wandale chilibe ntchito. Ndikanatero ndikanakunamizani. Munthu savula chikhulupiriro pakhomo la ofesi ngati mmene amavulira jasi la mvula. Nkhani ya Mfumu Baudouin ya ku Belgium imandikhudza nthawi zonse ndikaikumbukira. Mu 1990 nyumba ya malamulo inavomereza lamulo lolola kuchotsa mimba, ndipo lamulolo linkafunika siginecha ya mfumu. Baudouin, amene iye ndi mkazi wake Fabiola anapita padera kangapo n'kukhala opanda mwana, anati chikumbumtima chake sichimulola kusaina. Sanaopseze aphungu, sanabise lamulolo m'dirowa. Anavomera kuti boma lilengeze kuti iye sangathe kulamulira kwa kanthawi, nduna zinasaina m'malo mwake, ndipo patapita tsiku limodzi ndi theka nyumba ya malamulo inamubwezera pampando. Mungagwirizane naye kapena ayi, koma apa mukuona chikhulupiriro chimene mwini wake analolera kuti chimutayitse kanthu. Akanatha kutaya ufumu.

Chimenechi ndicho ndikanakonda muchifufuze mwa Mkatolika wanuyo. Kodi chikhulupiriro chake chinamutayitsapo chiyani? Anakanapo ndalama imene anzake onse anagawana? Anayankhulapo motsutsa chipani chake pamene chinkapondereza anthu amene si a mpingo wake? Antchito a pakampani yake amalandira malipiro pa nthawi yake?

Chifukwa kupezeka pa Misa n'kosavuta, makamaka chisankho chikayandikira. Tonse tinawaonapo. Amafika Misa itayamba kale, wojambula ali patsogolo, n'kudutsa pakati pa tchalitchi mpaka pa benchi yoyamba imene inasungidwira iwo. Nthawi ya chopereka envulopu yawo imatuluka mochedwa dala kuti aliyense aione. Akalandira Ukaristia amagwada nthawi yaitali, maso otseka, kamera ili chapambali. Madzulo ake chithunzicho chili pa Facebook. Sindingaweruze mtima wa munthu, mwina akupempheradi. Koma chithunzi chimenecho sichikundiuza kanthu za mmene adzagwirire msonkho wanga.

Ndiye pali nkhani yovuta ija, ya wandale Mkatolika amene mfundo zake zikusemphana ndi chiphunzitso cha Mpingo. Joe Biden, Mkatolika wachiwiri kukhalapo pulezidenti wa America, amayenda ndi korona, komabe ankaikira kumbuyo ufulu wochotsa mimba, ndipo mu 2019 wansembe wina ku South Carolina anamumana Ukaristia. Pa chisankho cha 2020 Akatolika a kumeneko anagawikana pafupifupi pakati. Ena anati nkhani ya ana osabadwa ndiyo yoposa zonse. Ena anati Mpingo womwewo umaphunzitsanso za osauka, za othawa kwawo, ndiponso umakana chilango cha imfa. Mbali zonse ziwiri zinkatchula katekisimu. Mu 2024 Papa Francis atafunsidwa za Donald Trump ndi Kamala Harris, amene ankapikisana pa upulezidenti wa America, sanafunse za mipingo yawo. Anati onse awiri akutsutsana ndi moyo, wina pothamangitsa obwera, wina pa nkhani ya mimba, ndipo aliyense asankhe mwa chikumbumtima chake choipa chocheperapo.

Mukaona bwino, apa chikhulupiriro chimene chikugwira ntchito ndi cha wovota, osati cha wovoteredwa. Chikatolika chanu, mayi, ndicho sikelo. Ikani anthu onse awiriwo pa sikelo imodzi: amati chiyani za moyo wa munthu, za wodwala wopanda ndalama, za mkaidi, za wantchito, za chuma cha boma, ndipo pamene anali ndi kaudindo kakang'ono anachita chiyani. Mkatolikayo akalemera, muvotereni ndi mtima wonse. Ndingawonjezere kuti iyeyo muli ndi ufulu womupanikiza kwambiri, poti zimene mukumufunsazo anazilonjeza yekha pamaso pa Mulungu. Akapepuka, musamuwonjezere mwala chifukwa mumaimba naye nyimbo imodzi Lamulungu.

Amuna anu musakangane nawo, voti ndi yachinsinsi ndipo m'kachipinda kovotera mumalowa nokha. Koma akadzanenanso za mwana wa m'nyumba, afunseni mofatsa funso limodzi. Mu 1985 ku Zimbabwe kunali chisankho, manda a ku Matabeleland akadali auwisi. Mugabe anali Mkatolika, Joshua Nkomo, amene ankapikisana naye, nthawi imeneyo sanali. Iwo akanakhala Mkatolika wa ku Bulawayo, mzinda wa ku Matabeleland, amene waika m'manda mchimwene wake, akanachonga pa dzina liti?