Makomiki ndi a ana? Nanga ndizisunga kuti ndidzagulitse? Yankho langa kwa achimwene amene anandilembera

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina, dzina sinditchula poti sanandipatse chilolezo. Mwachidule akuti ali ndi zaka 38, ali pabanja, ana awiri, ndipo chaka chathachi anayambiranso kuwerenga makomiki atawasiya kalekale ali mnyamata. Mafunso awo ndi awiri. Loyamba, anzawo akuntchito anawapeza akuwerenga nthawi yopuma nkuyamba kuwaseka kuti munthu wandevu zake akulimbana ndi za ana, ndiye akufunsa kuti kodi ndi chibwanadi chimenechi? Lachiwiri, anamva kuti makomiki akale amagulidwa ndalama zankhaninkhani, ndiye akuganiza zomagula awiriawiri, ina yowerenga ina yongosunga osatsegula kuti adzagulitse mtsogolo.

Achimwene, zikomo pondilembera. Funso loyambalo ndiyankha ndi mtima wonse, lachiwirilo ndikuletsani, ndipo ndikuuzani chifukwa chake.

Maganizo oti makomiki ndi a ana sanangogwa kumwamba ayi, ali ndi mbiri yake ndipo mbiriyo ndi ya ku America. Cha m'ma 1940 ndi kumayambiriro kwa ma 1950 makomiki ankawerengedwa ndi aliyense, asilikali kunkhondo, atsikana, azibambo, ndipo munali nkhani zachikondi, zaupandu, zoopsa, zankhondo, osati za anthu ouluka okhaokha. Kenaka mu 1954 dokotala wa matenda a maganizo dzina lake Fredric Wertham anatulutsa buku lonena kuti makomiki ndi amene akuwononga ana, chaka chomwecho aphungu a Senate anaitanitsa anthu kudzafunsa za nkhaniyi, ndiye makampani ataona kuti boma likhoza kuwakhwimitsira malamulo anathamangira kudzipangira okha bungwe lotchedwa Comics Code Authority. Malamulo ake anali okhwima zedi. Mawu oti horror kapena terror asapezeke pa dzina la komiki, wapolisi kapena woweruza asaonetsedwe monyozeka, ndipo nthawi zonse wabwino apambane woipa. Tangoganizani wolemba akuuzidwa kuti nkhani iliyonse izitha chimodzimodzi, chimene chinatsala ndi nkhani zofewa zoyenera mwana wa zaka khumi basi. Kampani ya EC imene inkatchuka ndi nkhani zoopsa inasiya kuzisindikiza. Chidindo cha bungweli chinakhala pa zikuto kwa zaka zambirimbiri, kampani ya makomiki ya Marvel inachisiya mu 2001, inzake ya DC mpakana 2011. Ndiye anzanu akuntchitowo akungobwereza chinthu chimene chinayamba makolo awo ali makanda, iwo osadziwa nkomwe kumene chinachokera.

Kumaiko ena sizinayende choncho. Ku Japan makomiki amawatcha manga, ndipo kuli manga yolembera azibambo, ina yolembera azimayi, ndipo munthu wa suti yake amatha kuwerenga m'sitima popita kuntchito popanda womucheukira. Ku France ndi ku Belgium makomiki amawalemekeza ngati luso lenileni, mzinda wa Angoulême ku France unayamba kuchititsa chikondwerero cha makomiki mu 1974.

Koma mukafuna kuwatseka pakamwa anzanuwo musalimbane nawo ndi mbiri, apatseni buku. Maus ya Art Spiegelman ndi nkhani ya bambo ake enieni amene anapulumuka ku Auschwitz, msasa umene Ajeremani ankapherako Ayuda pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, Ayuda anawajambula ngati mbewa, Ajeremani ngati amphaka, ndipo inalandira mphotho ya Pulitzer mu 1992. Ine ndinaiwerenga ndili wamkulu kale ndipo panali masamba ena amene ndinatseka buku nkukhala phee kwa kanthawi, chifukwa chimene chimapweteka kwambiri mmenemo si nkhondo yokha koma mmene mwana ndi bambo ake okalamba akulepherera kumvana, zinthu zoti mwana wa zaka khumi sangazimve olo pang'ono. Ilinso Persepolis ya Marjane Satrapi, yofotokoza kukula kwake ku Iran nthawi imene boma linasintha mu 1979. Ndipo ngati mukufuna ya ku Africa kuno, Aya ya Marguerite Abouet, nkhani ya atsikana a ku Yopougon mu Abidjan, mulibe wouluka aliyense, muli mabanja, mimba zosayembekezera, azibambo achimasomaso, ndi makolo ofuna ana awo akwatiwe ndi olemera.

Izi sindikunena kuti muchite manyazi ndi Batman kapena Spider-Man ayi. Ngati ndi amene amakusangalatsani werengani, palibe amafunsa munthu wamkulu chifukwa chimene amaonera mpira.

Chimene ine ndimakondera makomiki ndi kampata koyera kaja kamene kamakhala pakati pa bokosi limodzi la chithunzi ndi linzake. Tayesani usiku uno, tsegulani tsamba lililonse muyang'anitsitse. Bokosi loyamba mayi waima pakhomo wanyamula chikwama, bokosi lachiwiri chitseko chatsekedwa mwana ali pawindo. Kutuluka kwa mayiyo palibe anakujambula, mwakupanga ndinu m'mutu mwanu, mwamva ndi kulira kwa chitseko komwe. Filimu imakuyendetsani pa liwiro lake, koma apa liwiro ndi lanu, mukhoza kuima pa nkhope imodzi mphindi zitatu, kubwerera mmbuyo, kuona kanthu kakang'ono pakona kamene wojambula anabisa dala. Ndipo wojambula waluso amadziwa kuti chinthu chodzidzimutsa asachiike pa tsamba lakumanja pamene diso lingachione msanga, amachiika kuseri kuti muchipeze mukatembenuza pepala. Ndili mwana zimenezi sindinkaziona, ndinkangothamangira ndewu. Kukula ndi kumene kunanditsegula maso.

Tsopano za ndalamazi, apa ndiye mundimvetsere bwino achimwene.

Ndi zoona kuti Action Comics nambala 1, mmene munatulukira Superman koyamba mu 1938, inkagulitsidwa masenti 10 ndipo mu 2024 kope limodzi linagulidwa madola 6 miliyoni. Nkhani ngati imeneyi ndi imene imazunguza anthu mutu. Koma dzifunseni kuti chifukwa chiyani ili yodula choncho. Anasindikiza makope pafupifupi 200,000 ndipo akuti otsala lero ndi cha m'ma 100 basi. Ena onsewo ana anawerenga mpakana kung'ambika, azimayi anataya posesa m'nyumba, ena anapita pa nthawi ya nkhondo pamene ankatolera mapepala akale kuti akawagwiritsenso ntchito. Inakwera mtengo chifukwa panalibe amene ankaganiza zoisunga. Komanso osaiwala kuti anyamata awiri amene anapanga Superman, Jerry Siegel ndi Joe Shuster, anagulitsa umwini wake madola 130 okha, ine chimenechi chimandiwawa nthawi zonse ndikamva za mamiliyoniwa.

Nde maganizo anuwa, ogula ziwiri ina nkusunga, anthu anawayesa kale ndipo anapsa nawo. Kumayambiriro kwa ma 1990 aliyense ku America anayamba kugula makomiki ngati akugula masheya. X-Men nambala 1 ya 1991 inatuluka ndi zikuto zosiyanasiyana kuti munthu mmodzi agule kangapo, ndipo makope opitirira 8 miliyoni anagulitsidwa. Chakumapeto kwa 1992 DC inapha Superman, komikiyo ina inabwera yomatidwa m'pulasitiki wakuda, anthu anaima pamizere kugula, ambiri osatsegula nkomwe poganiza kuti adzalipirira ana sukulu. Chaka chotsatira Superman uja anadzukanso. Ogula aja atazindikira kuti chinthu chimene aliyense wasunga mosamala sichingasowe, ndipo chosasowa sichikwera mtengo, anasiya kugula onse nthawi imodzi, mashopu ambirimbiri anatsekedwa, Marvel yeniyeniyo mu December 1996 inakadziwitsa khoti kuti yalephera kubweza ngongole. Makope a nthawi imeneyo mpaka lero ali mbwee m'mabokosi a zotchipa.

Mwina mwamvanso za kampani ya CGC imene inayamba mu 2000, amayeza komiki nkuipatsa malikisi mpaka 10, kenaka amaitsekera m'chikesi cholimba cha pulasitiki. Kwa munthu amene ali ndi kope lakale losowadi ndi zothandiza, wogula amadziwa chimene akugula. Koma ikalowa mmenemo simungaiwerengenso pokhapokha mutaswa chikesicho, mumangoona chikuto kutsogolo ndi kumbuyo. Ine zimandimvetsa chisoni, anthu anakhala miyezi akulemba, akujambula, akupaka mitundu, kuti ntchito yawo ikathere m'kabokosi kosatseguka.

Ndiye ndalama imene mumafuna kugulira kope lachiwiri, guliraninso nkhani ina imene simunawerenge. Ndi langizo langa lalikulu limenelo.

Kusunga kokha ndiye sungani, ndipo sungani bwino, chifukwa buku limene mwalikonda mudzafuna kulibwereza patapita zaka khumi. Adani ake ndi dzuwa, chinyezi, kutentha ndi tizilombo. Dzuwa limafufutsa mitundu, makamaka yofiira, ndiye shelefu yoyang'anana ndi windo ayi. Chinyezi chimachititsa dzimbiri timapini tiwiri tija tapakati, dzimbirilo nkulowerera m'pepala, kenaka nkhungu ndi kafungo kaja kosachoka. Makomiki akale ankasindikizidwa pa pepala lotchipa ngati la nyuzi, lili ndi asidi, nchifukwa chake amasanduka achikasu nkuyamba kuthetheka m'mbali. Amene amatolera amaika iliyonse m'kathumba ka pulasitiki pamodzi ndi kakatoni kopanda asidi kumbuyo kuti isapindike, nkuziimika chilili m'bokosi, osati kusanjikiza mulu wautali chifukwa zapansi zimapindika msana. Bokosilo lisakhale pansi penipeni kapena kutsamira khoma lonyowa, mphemvu ndi chiswe sizisankha kuti iyi ndi nambala 1.

Ndipo chenjerani ndi selotepi. Ine ndinali ndi komiki ina imene ndinaisaka nthawi yaitali, tsiku lina ndikuitulutsa m'kathumba ndinangotsegula kukamwa kwake osachotseratu kaselotepi kotsekera, pokoka kanagwira chikuto pakona yakumanja, ndinangomva kuti tswee, mtundu wonse pamenepo unatsala pa tepi, pachikuto panatsala chibanga choyera ngati chala chachikulu. Ndinakhala pampando ndili nayo m'manja kwa nthawi ndithu. Kuyambira tsiku limenelo tepi ndimaichotseratu nkuimata pambali pa tebulo ndisanakhudze buku, kapena ndimangopindira kukamwa kwa kathumbako mkati osamata chilichonse.

Pa kagulidwe, poti mwangobwerera kumene, musavutike ndi timabuku ta mwezi ndi mwezi tija, nkhani yake imakhala masamba 20 ndi pang'ono ndipo imatha musanakhazikike bwino. Gulani mabuku ophatikiza, amene amaika zigawo zisanu kapena zisanu ndi chimodzi pamodzi, amatchipirapo, amalimba, amaima bwino pashelefu. Musaganizenso kuti mukuyenera kuyambira pachiyambi penipeni, Batman anayamba mu 1939, mukati muwerenge zonse mudzatopa musanafike pabwino. Chimene chinandithandiza ine ndi kusiya kutsatira dzina la ngwazi nkuyamba kutsatira wolemba ndi wojambula. Mukakonda buku yang'anani maina ali pachikuto, fufuzani china chimene anthu omwewo anapanga, olo chikhale cha kampani ina. Ngwazi yomweyomweyo m'manja mwa wolemba wina imakoma, mwa wina imakhala yozizira. Ndipo nkhani ikayamba kukutopetsani isiyeni, mtima wofuna kukwaniritsa manambala onse ndi umene umadzazitsa anthu mabokosi a zinthu zimene sazikonda nkomwe. Zowerenga pafoni kapena pa tabuleti nazonso ndi zabwino poyesera, ine ndimalawa kaye kumeneko, imene yandigwira mtima ndi imene ndimagula ya pepala. Mukayesa manga kumbukirani kuti imayambira kumene ife timati kumapeto, ndipo mabokosi amawerengedwa kuchokera kumanja kupita kumanzere, masamba khumi oyamba mudzasokonezeka kenaka diso lizolowera lokha.

Munatchula kuti muli ndi ana awiri koma simunanene zaka zawo. Patulani shelefu yapansi ikhale yawo, muikepo zoyenera msinkhu wawo zoti akhoza kupinda ndi kudetsa popanda inu kugunda mtima, zija za akuluakulu ngati Maus zikhale pamwamba mpakana adzakule. Ndipo mundilemberenso mundiuze buku limene munkawerenga tsiku limene anakusekanilo, mu imelo yanu simunalitchule ndipo ine ndikufunitsitsa kudziwa.