Kodi ophunzira a ku Munich aja anali amwano?

Mdzukulu wina wandifunsa kuti: "Agogo, mumatiuza kuti mwana satsutsa akulu. Nanga ophunzira a ku Germany amene anatsutsa Hitler nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati, sunali mwano umenewo?"

Ayi mdzukulu wanga, sunali mwano. Wamwano amanyoza wamkulu kuti anzake amuombere m'manja. Hans Scholl, mlongo wake Sophie, Alexander Schmorell, Willi Graf ndi Christoph Probst sankasaina n'komwe mayina awo pa makalata odzudzula Hitler amene ankafalitsa. Gulu lawo, Weiße Rose (kutanthauza Duwa la Rozi Loyera), linayamba mu 1942 pa yunivesite ya Munich, ndipo zida zawo zazikulu zinali taipilaita, makina opukusa ndi dzanja ochulukitsira mapepala, maenivelopu ndi masitampa. Kalata yawo yachiwiri inanena poyera kuti Ayuda 300,000 aphedwa ku Poland, pamene akuluakulu ambiri anangoti pakamwa tseke. Kumene kukuphedwa anthu, kukhala chete sindikutcha ulemu.

Ndiponso akulu sanawataye. Bambo a Hans ndi Sophie, a Robert Scholl, anali atalawa kale ndende chifukwa chodzudzula Hitler. Kalata yachisanu ndi chimodzi analemba ndi mphunzitsi wawo, a Kurt Huber.

Koma tchera khutu apa, pakuti m'pamene mtima wanga umawawa. Pa 18 February 1943, Sophie anakankha mulu wa makalata kuchokera pansanjika yapamwamba, nkumwazikira pabwalo lamkati la yunivesite. Wosamalira nyumbayo anawaona, nkuwagwiritsa kwa a Gestapo, apolisi achinsinsi a Hitler. M'thumba la Hans munali pepala lolembedwa ndi dzanja la Probst. Anayesa kuling'ambang'amba, koma apolisi anatola zidutswazo. Probst, bambo wa ana atatu, anagwidwa chifukwa cha kapepala kameneko. Pa 22 February Hans, Sophie ndi Probst anaweruzidwa ndi Roland Freisler, woweruza wa boma la Hitler, nkudulidwa mitu tsiku lomwelo. Sophie anali ndi zaka 21.

Tsono iwe ukati ulankhule zoona, usatole mwala, usatukwane, ndipo usayende ndi dzina la mnzako m'thumba kapena mufoni mosasamala. Moyo wake suli wako kuti uutaye.

Graf anamusunga m'ndende miyezi yambirimbiri, akumupanikiza kuti atchule anzake. Anamupha pa 12 October 1943 asanawapatse mayina amene ankawafunawo.