Khadi la Charizard la K9,000: yankho kwa mphwanga wa ku Kapata

Mnyamata wina wa ku Kapata, ku Chipata, wandilembera imelo. Mwachidule akuti: "Amalume, munthu wina wa ku Lusaka amene ndinamupeza pa Facebook akugulitsa khadi la Pokémon, la Charizard, lotsekeredwa m'kapulasitiki kolembedwa PSA 10. Akufuna K9,000 pa mobile money. Akuti anthu otchuka ngati Logan Paul akugula makhadi otere pa mamiliyoni, ndiye ndikachedwa ena atenga. Ndili ndi ndalama za soya amene tinagulitsa. Kodi ndigule?"

Mphwanga, usagule. Ndikudziwa kuti magazi ako atentha kale, choncho tiye tikambirane bwinobwino.

Za Logan Paul, mkulu wa ku America wotchuka ndi mavidiyo a pa YouTube, sanakunamize. Mu 2021 mkuluyu anapereka ndalama ndi khadi lina, zonse pamodzi zokwana madola 5,275,000 a ku America, kuti apeze khadi lotchedwa Pikachu Illustrator. Koma khadi limenelo silinagulitsidwepo m'sitolo. Linali mphoto ya anthu amene anapambana mipikisano yojambula ya magazini ya ku Japan ya CoroCoro Comic cha mu 1998, ndipo amene anapatsidwa anali anthu pafupifupi 40 okha. Mwa onsewo, lake ndi limene linapatsidwa giredi 10, yapamwamba kwambiri, ndi PSA, kampani ya ku California yopima makhadi. Mu April 2022 analivala m'khosi ngati mkanda polowa m'bwalo la WrestleMania, mpikisano waukulu wa wrestling, dziko lonse likuonera. Ukuona pamene pagona nkhani? Munthu uyu amadya za anthu omuonera. Akagula chinthu chodula, kugulako kumasanduka vidiyo, vidiyoyo imabweretsa ndalama, ndipo phokoso lake limakweza mtengo wa makhadi amene ali kale m'manja mwake. Ngakhale khadi litatsika mtengo, iye wadyapo kale. Iwe ukagula, adzakuonera ndani?

Chimene wogulitsa wako sanakuuze n'chakuti Logan Paul yemweyo anagwiritsidwa fuwa la moto. Kumapeto kwa 2021 anagula katoni yomata pa madola 3.5 miliyoni, atauzidwa kuti muli mabokosi a makhadi oyambirira a Pokémon a mu 1999. Katoniyo inali itaunikidwa kale ndi kampani yodziwika pa ntchito yotsimikizira zinthu zoterezi. Atatsegula mu January 2022, anapezamo makhadi a G.I. Joe, opanda phindu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Iye ndalama zake anabwezeredwa, poti wogulitsayo anali munthu wodziwika, wa mbiri yoti aiteteze. Wako wa pa Facebook uja akangolandira meseji ya ndalama, nambala yake idzayamba kuyankha kuti siikupezeka.

Ndipo zimenezi sizinayambe dzulo. Mu 1991 katswiri wa hockey Wayne Gretzky ndi mnzake Bruce McNall anagula khadi la baseball la Honus Wagner pa madola 451,000. Limeneli ndilo khadi loyamba limene PSA inapima, n'kulipatsa giredi 8. Dzina la Gretzky linalikometsa, mtengo n'kumakwerabe pogulitsana. Mu 2013 wamalonda Bill Mastro anavomera m'khoti kuti kalekale anadula m'mphepete mwa khadilo kuti lioneke losalala. Anthu a ndalama, akatswiri, onse anadutsa poyang'ana osaona.

Tsopano tiye pa khadi lakolo. Charizard ali m'mitundu yambirimbiri, chifukwa kampani ya Pokémon yakhala ikusindikiza atsopano kwa zaka zoposa 25. Amene amachititsa anthu misala ndi wa Chingelezi wa mu 1999, wokhala ndi kachidindo kakuda ka "Edition 1" kumanzere, pansi pa chithunzi. Mmodzi wa giredi 10 anagulitsidwa madola 420,000 mu March 2022. Ndiye dzifunse wekha: munthu wokhala ndi chuma chotere, ndiponso wodziwa dzina la Logan Paul, angachigulitse K9,000 kwa mnyamata wa ku Chipata amene sanamuonepo? Mwina ndi gong'a. Mwina ndi Charizard weniweni koma wa masiku ano, wosasowa, amene mtengo wake sufika n'komwe pamenepo.

Kapulasitiki kaja kasakunyenge. Pa kapepala ka PSA pamakhala nambala, ndipo ukhoza kuilemba pa webusaiti yawo n'kuona ngati dzina la khadi, chaka ndi giredi zikugwirizana. Mufunse akutumizire nambalayo. Koma dziwa kuti akathyali amakopera nambala zenizeni n'kuzisindikiza pa mapulasitiki abodza, choncho nambala ikalephera ndiye kuti nkhani yatha, koma ikagwirizana sikuti wapulumuka. Khadi likakhala kunja kwa kapulasitiki, limadziulula msanga: lenileni ukaliyang'anitsitsa m'mbali umaona kamzere kakuda kopyapyala pakati pa mapepala awiri, ndipo ukaliunika ndi tochi ya foni kuwala sikudutsa kwenikweni. La gong'a nthawi zambiri limawala ngati pepala la kope, buluu wa kumbuyo amakhala wotuwa, ndipo ena amaiwala ngakhale kachizindikiro ka pamwamba pa "é" mu Pokémon. Zonsezi zimafuna khadi lili m'manja mwako, osati pa chithunzi cha WhatsApp.

Pa za mitengo, usamayang'ane imene anthu akuitanira pa msika wa pa intaneti wa eBay, poti aliyense akhoza kulemba miliyoni. Yang'ana imene makhadi agulidwa kale. Udzaona kuti ambiri amene anakwera kwambiri mu 2020 ndi 2021, anthu ali m'nyumba chifukwa cha Covid-19, anatsika pambuyo pake, ndipo ogula mochedwa ndi amene analira.

Koma tinene kuti khadilo ndi lenileni. Udzaligulitsa kwa ndani? Soya ukamunyamula pa njinga, vendala amakuimitsa usanafike n'komwe ku Saturday Market. Khadi ukalowa nalo ku Down Shops, anthu adzangoti n'kapepala ka ana. Ogula ake ali ku America, ku Japan ndi ku Ulaya, ndipo amafuna wogulitsa wa mbiri yodziwika. Onjezapo ndalama zotumizira, za inshuwalansi, ndi gawo limene msika wa pa intaneti umadula. Apo sitinanene za chinyezi cha dzinja, chimene chimapinda makhadi osasungidwa bwino.

Ngati umawakondadi makhadi, sindikuletsa. Gula kapaketi ndi ndalama ya m'thumba, kaya ka Pokémon kaya ka osewera mpira a Panini kapena Topps, uzisinthana ndi anzako. Za soya zija kambirana ndi amayi ako, feteleza asanakwere mtengo. Ndipo wa ku Lusaka uja akaimbanso, umuuze kuti uli ndi m'bale ku Chilenje, ku Lusaka komweko, amene abwere kudzaliona khadilo ndi maso asanapereke ngwee. Undilembere zimene adzayankhe.