Yankho: Mabakiteriya angadziwe bwanji kuti m'madzi muli poizoni?

Achimwene, mwafunsa ngati ndi zoona kuti mabakiteriya angagwiritsidwe ntchito poyeza poizoni m'madzi. Ndi zoona, ndipo chitsanzo chabwino ndi cha arsenic, amene wawononga madzi a m'mijigo yambiri ku Bangladesh.

Bakiteriya wa E. coli ali kale ndi njira yodzitetezera ku arsenic. Ali ndi puloteni yotchedwa ArsR yomwe imakhala pa DNA n'kutseka majini ena (ma gene, zigawo za DNA zokhala ndi malangizo a zimene selo lichite), ngati mlonda wa pakhomo. Arsenic akalowa, amamatirira pa ArsR, iyo n'kuchoka, majiniwo n'kutseguka. Asayansi anangolumikiza pamenepo majini a lux, otengedwa ku mabakiteriya owala mwachilengedwe. Arsenic akachuluka, kuwala kumachulukanso, ndipo kachipangizo kotchedwa luminometer kamakuyeza.

Gulu la wasayansi Jan Roelof van der Meer ku Lausanne, ku Switzerland, linagwira ntchito yaikulu pa izi, ndipo ku Leipzig, ku Germany, asayansi anapanga ARSOlux: mabakiteriya oumitsidwa m'timabotolo, ongothiramo madzi oyezedwawo. Bungwe la WHO limati arsenic asapitirire mamaikulogalamu 10 pa lita, pomwe malire a Bangladesh ndi 50.

Koma musawakhulupirire mabakiteriyawa mopitirira. ArsR imamvanso antimony, chinthu china chofananako ndi arsenic, choncho kuwala kungabwere ngakhale arsenic mulibe. Choopsa kwambiri n'chakuti madzi akakhala ndi poizoni wina wopha mabakiteriyawo, kuwala kumachepa, munthu n'kuganiza kuti madzi ali bwino. Kutentha nakonso kumasintha zotsatira. Ndiye pali malamulo a zamoyo zosinthidwa majini: timabotolo togwiritsidwa kale sitimatayidwa chisawawa, mabakiteriyawo amayenera kuphedwa kaye.