Ndinasiya kukhulupirira Mulungu, koma kwathu sakudziwa

Kalata yomwe ndikuyankha lero yabwera pa imelo kuchokera kwa mnyamata wa zaka 27 amene wapempha kuti dzina lake ndisalitchule. Ndaifupikitsa. Anakulira m'banja la Chikatolika, ali mwana ankatumikira paguwa, koma zaka zingapo zapitazo chikhulupiriro chinamuthera. Palibe amene anamukhumudwitsa mumpingo. Anangozindikira kuti akagwada kupemphera akumva ngati akuyankhula yekha. Kwawo sanauze aliyense. Akapita kukaona amayi ake amapita nawo ku Misa, ndipo m'mawa uliwonse amayiwo amamutumizira vesi pa WhatsApp, iye n'kuyankha kuti "Amen". Tsopano mlongo wake wabereka mwana woyamba ndipo wamupempha kuti akhale bambo wa ubatizo. Akufunsa kuti: "Ndivomere kuti ndisamukhumudwitse? Amayi ndiwauze zoona, kapena ndingokhala chete mpaka kalekale? Ndatopa n'kukhala ngati wabodza m'nyumba yomwe ndinabadwira."

Achimwene, mwafunsa mafunso awiri nthawi imodzi, ndiye tiyambe tawalekanitsa. La ubatizo ndi lapafupi, lili ndi tsiku lake, ndipo yankho langa ndi loti mukane. La amayi ndi lalitali, silifuna phuma, ndipo chonde lisakathere pa tsiku la ubatizolo.

Chifukwa chokanira ndi ichi. Malamulo a Mpingo wa Katolika, amene anakonzedwanso mu 1983, amanena pa ndime 874 kuti kholo la ubatizo likhale Mkatolika wolimbitsidwa, wolandira Ukaristia, kawirikawiri wa zaka zosachepera 16, komanso wokhala moyo wogwirizana ndi chikhulupiriro ndi udindo umene akutengawo. Ndipo inu amene munatumikira paguwa mukudziwa bwino zomwe zimachitika pa mwambowo. Wansembe amatembenukira kwa makolo a mwana ndi makolo a ubatizo, n'kufunsa ngati akukana Satana, ngati akukhulupirira Mulungu Atate, Yesu Khristu, Mzimu Woyera, kuuka kwa akufa ndi moyo wosatha. Funso lililonse limafuna yankho lapakamwa, anthu akumva. Pamenepo palibe pobisala. Simungakhale chete, simungang'ung'udze.

Alipo amene angakuuzeni kuti ndi mawu chabe, poti inu simukhulupirira kuti pali wina kumwamba amene akulemba. Koma amene mukumunamizayo si wakumwamba, ndi mlongo wanu. Iye akufuna munthu amene adzathandize kulera mwanayo m'chikhulupiriro, ndipo wakusankhani poganiza kuti ndinu munthu woteroyo. Tsiku limene adzadziwe zoona, chimene chidzamuwawe kwambiri si kusakhulupirira kwanu ayi, koma kuti munaimirira pambali pake, mutanyamula khanda lake, n'kulumbira zomwe mumtima munali mutazitaya kale. Kukana kudzamupweteka masabata angapo, koma bodzalo adzalikumbukira nthawi iliyonse akaona chithunzi cha tsikulo.

Kukhala pa benchi limodzi ndi amayi anu ndi nkhani ina. Ine sindikuona bodza pamenepo. Munthu amatha kupezeka pa mwambo wa chipembedzo chifukwa cha chikondi, kuimirira ena akaimirira, kukhala pansi ena akakhala, kuweramitsa mutu pamene banja likupempherera chakudya, popanda kunena ndi pakamwa pake kuti akukhulupirira. Mzere ndimaujambula pamene munthu akuyenera kulumbira, kulandira sakramenti, kutsogolera pemphero kapena kuphunzitsa mwana zinthu zomwe iye sazikhulupirira. Simunanene ngati mumalandirabe Ukaristia mukapita ku Misa. Ngati mumalandira, siyani. Kwa amayi anu chimenecho ndi chinthu chopatulika koposa zonse, ndipo kukhala pabenchi ena akamapita kutsogolo ndi ulemu woposa kupita nawo.

Msewu umenewu ena anayendamo kale. Mu Januwale 1842, ku Coventry m'dziko la England, mtsikana wa zaka 22 dzina lake Mary Ann Evans, amene pambuyo pake anadzatchuka monga wolemba mabuku ndi dzina loti George Eliot, anakana kupita kutchalitchi ndi bambo ake. Poyamba anali wopemphera kwambiri kuposa anzake, ndiye nkhaniyi inawagwa bambowo ngati mphezi. Amayi ake anali atamwalira kale, ndipo iye ndi amene ankasamala pakhomopo. Bambo Robert Evans anasiya kumuyankhula bwino, mpaka anayamba kulingalira zosamuka m'nyumbamo, ndipo mtsikanayo anakakhala kwa mchimwene wake Isaac kwa masabata angapo. Patapita miyezi ingapo anagwirizana chimodzi: iye azipita nawo kutchalitchi Lamulungu lililonse, koma zomwe akuganiza mumtima akakhala pabenchipo ndi zake, palibe womufunsa. Anasunga pangano limeneli ndipo anawadwazika bambo akewo mpaka anamwalira mu 1849. Maganizo ake pa za chipembedzo sanawasinthe. Koma atakula ankanena kuti mkangano ujawo ankaumvera chisoni kwambiri, chifukwa ukanapeweka akanaiyendetsa nkhaniyo mwanzeru.

Chimene ndimakonda pa nkhani imeneyi n'choti bambo ake ankadziwa. Ankapita kutchalitchi limodzi, wina akupemphera, wina akungoperekeza, koma onse awiri akudziwa mmene zinthu zilili. Inu mukupita ku Misa amayi anu akuganiza kuti mukupemphera nawo. N'chifukwa chake mwatopa. Chomwe chikukulemerani si Misayo, koma chinsinsicho.

Ndiye muwauze? Ndikanakhala inu ndikanawauza, koma kaye ndikanadzifunsa kuti ndikawauza akamva chiyani. Inu mudzati, "Amayi, sindikhulupiriranso kuti kuli Mulungu," ndipo kwa inu imeneyi ndi nkhani ya umboni ndi kuganiza. M'makutu mwawo mudzamveka zinthu zina zitatu. Choyamba, kuti analephera kulera. Chachiwiri, kuti mukuwaona ngati mbuli, iwo ndi makolo awo onse. Chachitatu, chomwe ndi chachikulu, kuti mwana wawo akupita kuchionongeko ndipo sadzamuonanso kuseri kwa manda. Munthu amene amakhulupirira moona mtima za moyo wosatha, mwana wake akamuuza kuti wasiya, amamva ngati wauzidwa kuti mwanayo ali ndi matenda osachiritsika koma akukana mankhwala. Akalira, akakalipa, akaitana wansembe kapena azakhali kuti adzakuyankhuleni, dziwani kuti gwero lake ndi mantha.

Charles Darwin, katswiri wa sayansi wa ku England, anakumana nazo zimenezi m'nyumba mwake momwe. Asanakwatire Emma Wedgwood mu 1839, bambo ake anamulangiza kuti zokayika zake pa chipembedzo azibise kwa mkazi wake, poti iwo anali ataona mabanja akuvutika nazo. Iye sanamvere, anamuuza. Emma anali wokhulupirira kwambiri, ndipo anamulembera kalata yofotokoza nkhawa yake, yoti mwina iwo awiri sadzakhala limodzi kwamuyaya. Darwin anaisunga kalatayo moyo wake wonse, ndipo pansi pake analembapo mawu ouza Emma kuti akadzamwalira adzadziwe kuti kalatayo anaipsompsona ndi kuililira kambirimbiri. M'zaka za pambuyo pake, Lamulungu likafika ankasiya banja lake likupita kutchalitchi iye n'kukayenda kwina. Sankadzitcha wokana Mulungu, ankati iye sadziwa ngati Mulungu alipo kapena ayi. Ukwati wawo unakhalapo mpaka imfa yake mu 1882. Emma sanamutembenuze, iyenso sanamutembenuze Emma, ndipo sizikuoneka kuti Darwin anayesa n'komwe.

Choncho mukadzakhala pansi ndi amayi, musadzapite ndi mfundo zotsutsira Baibulo. Musadzatchule za sayansi, za zoipa zomwe mipingo yachita m'mbiri, kapena mavesi otsutsana. Zonsezo zimayankha funso lomwe iwo sakufunsa. Yankhani mantha atatu aja. Auzeni kuti munaleredwa bwino, ndipo kuona mtima kumene kukukuchititsani kuyankhula munakuphunzira kwa iwo. Auzeni kuti simukuwaona ngati opusa ndipo simudzayesa kuwachotsa pa chikhulupiriro chawo. Mantha achitatuwo simungathe kuwachotsa, ndipo musanamizire kuti mungathe. Chomwe mungachite ndi kuwalola kuti azikupemphererani. Akanena kuti "ndizikupempherera mwana wanga," yankho lake ndi "zikomo amayi," basi. Pempherolo silikuchotserani kanthu, ndipo kwa iwo ndi chokhacho chomwe chatsala m'manja mwawo.

Sankhani tsiku wamba, muli awiriwiri. Osati pa maliro, osati pa Khirisimasi, osati pa ukwati wa wachibale, ndipo osati mkati mwa mkangano wa nkhani ina. Nenani kamodzi, momveka, kenako muwapatse nthawi. Inu munatenga zaka kuti mufike pamene mulipa, ndiye musayembekezere kuti iwo azolowere madzulo amodzi.

Pano ndipatuke pang'ono, chifukwa pali matenda amene amagwira ambiri mwa ife tikangosiya chipembedzo. Munthu amakhala ngati watulukira chinthu chomwe dziko lonse silinachione, n'kuyamba kulalikira kusakhulupirira ndi moto womwewo umene ankalalikira nawo uthenga. Pa Facebook ndi pa YouTube pali anthu ambiri amene ntchito yawo ndi kuseka okhulupirira, ndipo ukawaonera usiku wonse umadzuka uli ndi chidwi chofuna kukagwetsa wina pa mtsutso. Kumeneko kulibe amayi anu. Kugonjetsa mlendo pa intaneti sikutayitsa kanthu, koma kugonjetsa mayi wako pa mtsutso wa za Mulungu ndi kupambana kopanda phindu. Komanso konzekani kuti mbali inayo idzakuponyerani mawu ake: kuti sukulu yakuzunguzani mutu, kuti mwagwidwa ndi ziwanda, kuti mwalowa za sataniki, ndiponso vesi lija la pa Salimo 14 lonena kuti chitsiru chimati mumtima mwake kulibe Mulungu. Funso lomwe lidzabwere kawirikawiri ndi loti, ngati kulibe Mulungu, chikukuletsani kuba kapena kupha n'chiyani? Limeneli silimayankhidwa ndi pakamwa. Adzaliyankha okha akadzaona kuti patapita zaka ndinu yemwe uja, amene amabwera wina akadwala ndipo amabweza ngongole.

Malangizo oti muwauzewa ali ndi malire ake, ndipo ndikulemba ndimeyi chifukwa cha ena owerenga amene zinthu zawo n'zovuta kuposa zanu. Pa pepala ufulu ulipo. Ndime 18 ya chikalata cha ufulu wachibadwidwe chomwe bungwe la United Nations linavomereza mu 1948 imati munthu aliyense ali ndi ufulu wosintha chipembedzo kapena chikhulupiriro chake, ndipo mu 1993 komiti ya bungweli yoona za ufulu wa anthu inafotokoza kuti ufulu umenewu ukuteteza ngakhale amene sakhulupirira Mulungu. Koma pepala sililowa m'nyumba ya munthu. Ku Nigeria, Mubarak Bala atauza abale ake mu 2014 kuti wasiya Chisilamu, anamutengera kuchipatala cha anthu odwala misala. Mu 2020 anamangidwa chifukwa cha zomwe analemba pa Facebook, ndipo mu 2022 khoti la ku Kano linamugamula kuti akhale m'ndende zaka 24, chilango chomwe khoti la apilo linadzachichepetsa pambuyo pake. M'maiko ena kusiya chipembedzo ndi mlandu wa imfa mpaka lero. Timati chibale ndi fupa sichiola, koma pa nkhani iyi ena athamangitsidwa pakhomo ndi abale awo enieni. Ndiye ngati amene akukulipirirani sukulu, kukupatsani pogona kapena kukulembani ntchito angathe kukutayani, kapena ngati mukuopa kuvulazidwa, khalani chete mpaka mutaima panokha. Kukhala chete koteroko si mantha ndipo si bodza. Inu achimwene mwalemba kuti mumagwira ntchito ndipo mumakhala panokha, n'chifukwa chake ndikukulimbikitsani kuyankhula.

Za anzanu sindichulutsa mawu. Ena adzachoka, makamaka amene ubwenzi wanu unamangidwa pa kwaya ndi magulu a mapemphero okha. Ena adzadabwa sabata imodzi n'kupitiriza kukuimbirani za mpira monga kale. Ndipo mmodzi kapena awiri adzakupezani pambali n'kukunong'onezani kuti nawonso akhala akukayika. Mu 2012 bungwe lofufuza la Pew Research Center linapeza kuti pafupifupi anthu 16 mwa 100 alionse padziko lapansi, kapena kuti anthu oposa 1 biliyoni, sali m'chipembedzo chilichonse. Si onse amene amakana Mulungu, ambiri amakhulupirirabe mwa njira yawo, koma chiwerengerocho chikusonyeza kuti mabanja osakanikirana ngati lanu ndi ochuluka zedi. Pezani munthu mmodzi amene mungamayankhule naye momasuka, kuti katundu yense asakhale pa amayi ndi mlongo wanu.

Mavesi a m'mawa aja musawaletse. Imeneyo ndi njira ya amayi yonenera kuti adzuka ndipo akukukumbukirani. "Amen" yekhayo ndiye mungamusinthe, muziyankha kuti, "Zikomo amayi, mwadzuka bwanji? Mwendo uja ukupwetekabe?"

Koma choyamba ndi mlongo wanu, ndipo zimenezo ndi za sabata ino, asanakapereke dzina lanu kwa wansembe. Muimbireni foni kapena mupite, musalembe uthenga. Mungamuuze kuti: "Achemwali, mwandilemekeza kwambiri, koma pa za chikhulupiriro panopa sindingathe kulonjeza zomwe kholo la ubatizo limalonjeza. Sankhani munthu amene angazikwanitse ndi mtima wonse. Pa mwambo ndidzakhalapo, ndipo ine ndine malume wake, zimenezo sizifuna lumbiro." Akafunsa zambiri, muuzeni zoona, ndipo mumupemphe kuti amayi mudzawauze nokha ubatizo ukadutsa.