Za waya wopita ku shedi ndi mpanda wamagetsi: pa mainsuleta musaumire

Achimwene, funso lanu ndalimva chonchi: mukufuna kukoka magetsi kuchoka kunyumba kukafika ku shedi yomwe ili pa mtunda wa mamita 40, waya azidutsa m'mwamba pa mapolo amitengo. Mukufunanso kuzunguliza dimba ndi mpanda wamagetsi kuti ziweto zileke kulowamo. Ndiye mwafunsa ngati n'kofunikadi kugula mainsuleta, tizipangizo totchinga magetsi toikidwa pakati pa waya ndi mtengo, kapena mungangodula zidutswa za tayala ndi za paipi yothirira maluwa n'kukhomerera ndi misomali. Gulani mainsuleta, chonde, ndipo mugule mitundu yosiyana, chifukwa ntchito mwatchulazi sizifanana ngakhale pang'ono. Ndakhala pa ntchito ya mawaya kwa zaka zambiri, ndipo malo amene ndakhala ndikuitanidwa kuti ndikakonze zolakwika, kawirikawiri vuto silikhala waya ayi, limakhala pamene wayayo wagwira mtengo.

Ndiyambe ndi tayalalo, poti ndi limene limanamiza anthu ambiri. Tonse tinakula tikumva kuti mphira sadutsitsa magetsi, ndipo n'zoona kwa mphira weniweni. Koma tayala limada chifukwa opanga amathiramo mwaye wa kaboni wochuluka, woposa magawo 20 pa 100 a kulemera kwake, kuti lisamathe msanga pamsewu. Kaboni amadutsitsa magetsi. Kuwonjezera apo, m'kati mwa matayala ambiri muli timawaya tachitsulo, ndipo mukadula ndi mpeni nsonga zake zimatulukira m'mbali. Paipi yothirira ija nayo ikakhala padzuwa imauma n'kuyamba ming'alu, waya wokokedwa uja n'kumaidula pang'onopang'ono mpaka kukakhudza msomali. Tsiku lokhomera zonse zimaoneka bwino. Mvula yoyamba ndi imene imaulula.

Pampanda m'pamene zimenezi zimaonekera msanga. Kachipangizo kamene kamapatsa mpanda mphamvu, kotchedwa energiser, sikatulutsa mavolti 230 ngati a m'nyumba. Kamaponya magetsi ofika mavolti 7,000 mpaka 10,000 m'kanthawi kochepa kwambiri, pafupifupi kamodzi pa sekondi iliyonse. Magetsi a msinkhu umenewo safuna msewu waukulu. Kamng'alu konyowa, ulusi wa kangaude wogwidwa mame, zitosi za mbalame, zonsezi kwa iwo ndi njira yopitira pansi. Mumpweya wouma magetsi amalumpha pafupifupi milimita imodzi pa mavolti 3,000 aliwonse, choncho waya amene wayandikana kwambiri ndi msomali sachita kufunika kuugunda. Tsono pa mzati umodzi zotayikazo zimaoneka zochepa, koma mpanda uli ndi mizati makumimakumi. Alimi ambiri amafuna kuti pa waya pazikhala mavolti osachepera 3,000, ndipo kwa nkhosa ndi mbuzi amakweza kufika 4,000 kapena 5,000, poti ubweya umatchinga. Ndinafikapo pa mpanda wina umene mwini wake anali atasintha energiser kawiri, akuganiza kuti akum'gulitsa zachinyengo. Tinangomasula waya pa zidutswa za paipi zija n'kumusiya lende pa zingwe zouma, mita yoyezera mavolti inakwera nthawi yomweyo. Ndalama anataya pa makina aja zikanagula mainsuleta a mpanda wonse.

Chinthu chimene ndikufuna muchigwire ndi ichi: magetsi kawirikawiri saboola insuleta n'kudutsa m'kati. Amakwawa pamwamba pake, potsata fumbi lonyowa. N'chifukwa chake mukayang'ana mainsuleta a pa mapolo a mumsewu mumaona mizeremizere, kapena mbale zosanjikizana zooneka ngati maambulera. Si zokongoletsa. Mizereyo imatalikitsa ulendo wa magetsi kuchoka pa waya kukafika pa chitsulo, ndipo kunsi kwa kambulera kalikonse kumakhala kouma ngakhale mvula ikuwomba. Mainjiniya amauyeza ulendo umenewu. Muyezo wa padziko lonse wotchedwa IEC 60815 unkapereka mamilimita 16 pa mavolti 1,000 aliwonse kumalo a mpweya woyera, kukwera mpaka 31 kumalo a fumbi lambiri, utsi wa mafakitale kapena mchere wa m'nyanja. Ndiye kuti pa laini ya mavolti 11,000 yodutsa kofumbirira, njira ya pamwamba pa insuleta iyenera kufika masentimita pafupifupi 34, ngakhale insuletayo poiona ndi yaifupi kuposa pamenepo. Tayerekezani zimenezo ndi khungu la paipi lokhuthala mamilimita awiri kapena atatu. Ndipo magetsi akathetheka pamalo amodzi kangapo amawotcha kanjira kakuda ka makala pa pulasitikiyo. Kanjira kameneko kakangopangika, insuletayo yatha ntchito ngakhale kunja kutauma.

Nkhani imeneyi ndi yakale kuposa magetsi a m'nyumba. Mu 1843, pamene Samuel Morse ankalumikiza telegalafu pakati pa Washington ndi Baltimore ku America, anayamba wakwirira mawaya pansi m'mapaipi a mtovu, koma zokutira mawayazo zinalephera, ntchito n'kusamukira pa mapolo. Kuyambira nthawi imeneyo funso la choika pakati pa waya ndi mtengo lakhala likuvutitsa amisiri, mpaka anakhazikika pa galasi ndi dongo lowotcha.

Tsono za mpanda mugule chiyani? Pa mizati ya pakati, pomwe waya amangodutsa, mainsuleta apulasitiki okhomera kapena opotokolera ngati sikuluu ndi okwanira, bola pa paketi palembedwe kuti anapangidwa kupirira kuwala kwa dzuwa kwa UV. Mwina mufunsa kuti nanga bwanji ambiri mwa iwo ndi akuda, pomwe ndangonena kuti kaboni amadutsitsa magetsi. Kusiyana kuli pa kuchuluka. Mu pulasitiki wabwino amathiramo kaboni pang'ono chabe, magawo 2 kapena 3 pa 100, wongokwanira kutchinga dzuwa koma wosakwanira kupanga njira ya magetsi. Otchipa owala ngati zidole za ana, amene mukawapinda ndi chala amachita mzere woyera, asiyeni. Sankhaninso amene bowo la msomali lili patali ndi podutsa waya, ndipo pakati pake pali kakhoma kotchinga. Pokhomera musamenye mpaka pulasitiki kuphwanyika. Pa mizati ya pakatiyi waya asamangidwe ndi insuleta, azitha kuyenda momasuka m'kati mwake, kuti ng'ombe ikagunda mpanda, mphamvu ya kugundako igawanike pa waya yense m'malo mothyola insuleta imodzi.

Pa ngodya, pa geti ndi pothera waya ndi nkhani ina. Pamenepo m'pamene pali kukoka konse, ndipo timainsuleta tokhomera tija timazuka. Pamafunika ooneka ngati dzira, okhala ndi mabowo awiri kapena ngalande ziwiri zopingasana. Ine ndimakonda adothi, opangidwa ndi dongo lowotcha ngati la makapu ndi mbale zadothi, limene Azungu amati porcelain, chifukwa dzuwa silichita nawo kanthu ndipo ngakhale moto wa tchire ukadutsa sasungunuka. Kamangidwe kake kamvetseni bwino: waya wochokera ku mzati amazungulira mbali ya kutali ya dziralo, wa mpanda nayenso amazungulira mbali inayo, moti malupu awiriwo amakolana koma osakhudzana. Akamakokana amafinya dziralo pakati. Anachita dala kulipanga choncho, poti dongo lowotcha limapirira kwambiri kufinyidwa koma likakokedwa limaduka msanga. Ndawaonapo ambiri atamanga mobwerera, waya aliyense pa bowo loyandikana naye, dzira n'kugawanika pakati tsiku lomwelo lokungira.

Waya wochoka pa energiser kupita kumpanda, komanso wodutsa pansi pa geti, asakhale kebulo ya m'nyumba. Makebulo a m'nyumba anapangidwira mavolti mazana angapo, okhuthalako amafika 1,000. Ilipo kebulo yakeyake ya mpanda yokutidwa kawiri, imene imalembedwa mavolti mpaka 20,000. Ndipo ndikupempheni zinthu ziwiri ndi mtima wonse: musalumikize mpanda ku soketi ya m'nyumba mwachindunji popanda energiser, chifukwa amenewo ndi magetsi opha munthu, ndiponso musaike magetsi pa waya waminga, poti mwana kapena chiweto chikakodwa sichitha kudzichotsa.

Tibwere ku laini ya ku shedi. Kumeneku mavolti ndi ochepa, 230, koma ngozi ndiye yaikulu, chifukwa magetsi ake sadukiza ngati a energiser. Amagwira munthu osamusiya. Langizo langa loyamba n'lakuti waya wosakutira muiwale. Ngati nthaka yake n'kotheka kukumba, kebulo yokhala ndi chitsulo choiteteza yokwiriridwa pansi imakupulumutsani ku mphepo, nthambi ndi mapolo owola. Ngati mwasankhabe m'mwamba, gwiritsani kebulo yopangidwira panja, ndipo kulemera kwake kunyamulidwe ndi waya wachitsulo wokungidwa pakati pa mapolo, kebuloyo izingolendewera pa iye.

Ena amati waya wokutidwa kale safunanso insuleta. Ndi maganizo amenewo amene amachititsa kuti mapolo azigwira anthu nyesi. Mphepo imagwedeza waya usana ndi usiku, khungu lake n'kumakhuzika pa msomali kapena pa mtengo, dzuwa nalo likuliumitsa. Tsiku lina kopa amatulukira, mvula n'kunyowetsa pholo, ndipo wotsamira pholo limenelo ndi amene amadziwa koyamba. Mtengo wouma umakaniza magetsi, wonyowa ayi. Pa ntchito imeneyi funsani shackle insulator, ena amati reel, yadothi, yooneka ngati kagudumu kokulungirapo ulusi wosokera. Imalowa m'kachitsulo kopindika ngati chilembo D, bawuti n'kudutsa pakati pake. Zitsulo ndi mabawuti zikhale zagalavanaizi, chifukwa dzimbiri likamatupa m'kati mwa bowo limang'ambula dongo. Pomanga nati, sipanala isapitirire muyezo. Ikangogwira, lekani.

Pogula adothiwa, tengani imodziimodzi m'manja. Khungu lonyezimira lija likhale losalala paliponse, kupatula pansi pomwe inakhalira mu uvuni. Dongo limene khungu lake lagamphuka limagwira litsiro ndi chinyezi. Kenako igogodeni pang'ono ndi kiyi: yabwino imalira ngati kabelu, yokhala ndi mng'alu wobisika imalira mogonthera. Agalasi ndi a mphira wa silikoni amene mumawaona pa malaini akuluakulu ali ndi ubwino wake, galasi lolimbitsidwa likawonongeka limaphwanyikiratu moti amisiri amaliona ali pansi, silikoni naye amachititsa madzi kukhala timadontho m'malo moyanzika, koma pa mamita 40 anuwo simukuwafuna.

Pali tinthu ting'onoting'ono ta pomanga timene timasiyanitsa ntchito yokhalitsa ndi ya miyezi ingapo. Pa pholo la pangodya, waya adutse kuseri kwa insuleta, kuti akamakoka azikanikiza insuletayo, osati kudalira kawaya komangira. Kawaya komangirako kakhale kofewa komanso ka chitsulo chofanana ndi waya wamkulu ngati pali pokhudzana, chifukwa kopa ndi aluminiyamu zikagundana pa chinyezi, aluminiyamu amadyeka n'kusanduka ufa woyera. Waya musamukunge ngati wa gitala. Aluminiyamu wa mamita 40 amafupika ndi masentimita pafupifupi atatu kutentha kukatsika ndi madigiri 30, kopa pafupifupi awiri. Zikumveka zochepa, koma pa waya wokungika kale zimenezo zimakwana kupendeketsa pholo kapena kuthyola insuleta usiku wozizira. Musiyeni agwe mimba pang'ono, bola kutalika kwake kuchoka pansi kukhale kotsata malamulo a kwanuko, ndipo pomwe pamadutsa magalimoto papitirire mamita 5. Polowa m'khoma la shedi, kebulo iyambe yatsika n'kupindikira m'mwamba isanalowe, kuti madzi a mvula azidonthera pansi m'malo motsata waya mpaka m'bokosi. Pholo lomaliza likafuna waya wolikokera pansi, pa waya ameneyo pakhalenso insuleta ya dzira ija, pamwamba posafika dzanja la munthu. Ubwino wake n'ngwakuti ngakhale itasweka, malupu okolana aja amagwirabe, pholo siligwa.

Mwina mukuganiza zopulumutsa mitengo pomangirira waya wa mpanda pa mapolo omwewo a laini ya ku shedi. Musatero. Waya wa 230 akadzaduka n'kugwera pa mpanda, dimba lonse lidzazunguliridwa ndi magetsi akupha. Ndodo yachitsulo yokhomera pansi, imene imalumikiza energiser ndi nthaka, ikhalenso payokha, mamita 10 kapena kuposerapo kuchoka pa ya nyumba.

Mukamaliza, mpanda umadziulula wokha pomwe ukudontha. Yendani m'mbali mwake m'mamawa kuli mame, mudzamva kuti the, the, the pa mzati wolakwika. Usiku mudzaona kuthetheka. Wailesi yotchera pa AM nayo imalira mofanana mukamayandikira malowo. Kamodzi kapena kawiri pachaka zimitsani, mupukute mainsuleta ndi kansalu konyowa, muchotse ndere ndi zisa za tizilombo, yong'aluka kapena yachita mzere wakuda musinthe.

Mpanda mutha kumanga nokha. Laini ya ku shedi ayi, mapolo ndi mainsuleta mungakonzeretu, koma kulumikiza achite mmisiri wa zamagetsi wokhala ndi chiphaso. Muumirire kuti ayeze ndi megger, chipangizo choyezera ngati zokutira mawaya zikutchinga bwino magetsi, pa mavolti 500 asanayatse, ndipo isawerenge pansi pa megohm imodzi, komanso kuti kumene laini ikuyambira aike RCD ya 30 mA, imene imadula magetsi ikangozindikira kuti ena akuthawira pansi. Mundiuze zimene mukufuna kuyendetsa ku shediko, kaya ndi mababu okha kapena pali makina owotcherera ndi chigayo chaching'ono, komanso ngati mizati ya mpanda ndi yamitengo kapena yachitsulo. Pa yachitsulo mtundu wa insuleta umasintha, ndipo kukula kwa kebulo kudalira katundu amene mutchuleyo.